Masiku Anai Motsata Mtsinje wa Domasi

Kumwera kwa dziko la Namibia, kumene mvula imagwa mwa apo ndi apo ndipo mitengo njoŵerengeka, kuli chigwembe chachikulu chimene udakumba mtsinje wotchedwa Fish River. Kutalika kwake ndi makilomita 160, ndipo pena kuya kwake kumafika mamita 550. Chaka ndi chaka anthu amatsikira m'chigwembemo pafupi ndi malo otchedwa Hobas, atabereka zikwama kumsana, nayenda masiku anai kapena asanu kufikira atatulukira pa akasupe a madzi otentha a Ai-Ais, mtunda woposa makilomita 80. M'njiramo mulibe sitolo, mulibe nyumba yogonamo, ngakhale mseu woti galimoto nkudzatengera munthu amene wafooka. Chakudya, chofunda ndi mankhwala, zonse zimakhala pamsana pa mwini wake. Oyang'anira malowo salola munthu kuloŵamo chiloŵereloŵere. Njirayo amaitsekula m'mwezi wa May naitseka pakati pa September, chifukwa miyezi inayo kumatentha koopsa ndipo madzi angathe kusefukira. Woyenda aliyense aonetse kalata ya dokotala, gulu lisachepere anthu atatu, ndipo mwana wosakwana zaka 12 amambweza.

Wina wa kwathu kuno akamva zotere angathe kuseka, ndipo sitingamdzudzule. Ife timayenda pansi chifukwa ndalama ya kabaza yasoŵa. Timasenza katundu chifukwa chigayo chili kutali. Tsono munthu wokhuta kulipira ndalama kuti akazunzike m'chipululu, kopanda maliro, kopanda ukwati, zimaoneka ngati maseŵera a anthu olemera. Ena mwa iwo ngotero ndithu. Koma alipo ena amene amaloŵa m'malo otere kukaphunzira, ndipo za ameneŵa ndizo tifuna tikambirane nanu, inu makolo ndi inu achinyamata, pakuti nkhaniyi ikukhudza ana athu ndi mtsinje wathu.

Ku Amereka, m'chigawo cha Arizona, kuli chigwembe china choposa cha ku Namibia, dzina lake Grand Canyon. Mtsinje wa Colorado ndiwo udachisema, mtunda wa makilomita 446, ndipo boma la kumeneko lidachipatula m'chaka cha 1919 kuti chikhale malo otetezedwa. M'chaka cha 1993 kudayambika sukulu yopanda makoma, Grand Canyon Field Institute, yotenga anthu m'timagulu kukagona nawo m'chigwembemo masiku angapo, patsogolo pali munthu wodziŵa za miyala, za zomera kapena za mbiri ya mitundu ya anthu imene idakhalamo. Makoma a chigwembecho ndi miyala yosanjikizana ngati mabulangeti opinda. Pamwamba penipeni, mamita 2,100 kuchokera pa nyanja yamchere, m'miyalamo mumapezeka zigoba za tizilombo ta m'nyanja. Pansi, m'mbali mwa mtsinje, pali miyala yakuda imene akatswiri amati yakhala zaka zoposa 1,700 miliyoni. Pamwamba pali mitengo ya paini ndi mphepo yozizira. Pansi pali minga, ndipo m'chilimwe kutentha kumapitirira madigiri 40.

Zonsezi zidalembedwa kale m'mabuku. Alendo ambiri amafika pamwamba, nasuzumira, najambula zithunzi, nakwera basi yao. Koma amene watsika ndi miyendo yake amaziona zinthuzi motsatana, china pambuyo pa chinzake, thupi lake likumva kuti kuzizira kukutha ndipo ludzu likukula. Kutsatana kumeneko ndiko kumamsonyeza kuti cha pansi chidadza bwanji kuchokera ku cha pamwamba, ndipo chithunzi sichingamuuze zimenezo.

Kuno kwathu kulibe chipululu. Komatu taonani manambala aŵa. Munthu wotsika Grand Canyon kuchokera ku mbali ya kumwera kukafika pa mtsinje amatsika mamita pafupifupi 1,400. Nsonga ya Malumbe, yaitali koposa zonse pa phiri la Zomba, njokwera mamita 2,087, ndipo nyanja ya Chilwa ili pa mamita osapitirira 630. Kusiyana kwake ndi mamita oposa 1,400, chimodzimodzi ndi kuja, kungoti kwathu kutsikako kudatambasuka pa mtunda wautali. Pakati pa phirilo ndi nyanjayo pali mtsinje wa Domasi, umene udang'amba chigwa cholekanitsa phiri la Zomba ndi la Malosa.

Taphunzitsa ana a m'chigwa muno zaka zambiri, ndipo chimene taona nchakuti mwana aliyense amadziŵa Domasi wa padooko pa kwao basi. Wa kumtunda amati ndi madzi ozizira othamanga pa miyala. Wa pamseu amati ndi pamlatho pochapira ndi pofukula mchenga. Wa kumunsi amati ndi ngalande ya m'munda wa mpunga. Akuluakulu nawonso ali momwemo. Motero wodula mtengo kumtunda sadaonepo ngalande yokwiririka ndi matope, ndipo wolima mpunga amatukwana anthu a kuphiri amene sadaŵaonepo nkhope. Tikhulupirira kuti mwana wa Sitandade 7 kapena wa Fomu 1 ayenera, kamodzi kokha pa moyo wake wa sukulu, kuutsata mtsinjewu ndi miyendo kuchokera kuphiri mpaka kunyanja. Masiku anai akwanira.

Tsiku loyamba nlokwera. Gulu linyamuke m'maŵa mu mzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko lino kufikira 1975, ndi kutsata njira imene Azungu adaitcha Potato Path chifukwa anthu ankatsikamo atasenza kachewere kupita naye ku msika. Njirayi njotsetsereka ndipo ana amayamba kudandaula ora loyamba lisanathe. Zimenezo zisadetse nkhaŵa munthu, amaleka okha. Pamwamba akaone damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda wonse, nayerekeze pansi pa mitengo ya paini ndi pansi pa mitengo yachilengedwe ya m'mbali mwa timitsinje. Paini ambiri a pa Zomba mtundu wao udachokera ku Mexico. Pansi pake pamakhala masamba ouma okhaokha ndi bata; pansi pa mitengo yathu pali ndere, ziyangoyango, mbalame ndi chinyezi. Nkhalango imeneyi boma lidaiteteza m'chaka cha 1913. Madzulo, ngati kunja kwayera, aime pa Emperor's View, pamene adaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia m'chaka cha 1965. Kuchokera pamenepo nyanja ya Chilwa imaoneka mbee chakuvuma, ndi phiri la Mulanje patali. Nkwabwino kuti mwana aone ndi maso kumene miyendo yake idzamfikitse.

Pali phunziro limodzi pamwambapa limene timalikonda koposa. Chakumadzulo kwa phirili, kufupi ndi dzenje la Chingwe, nthaka imathera pa phompho ndipo pansi pamaoneka chigwa cha Shire. Mvula yogwera kutsidya kwa mzere wa phompholo imatsikira mu Shire, niloŵa mu Zambezi, nikathira m'nyanja yamchere ku Mozambique. Yogwera mbali ino, mwina mapazi makumi angapo chabe, imatsata Mulunguzi ndi Likangala, kapena Domasi, nikathera mu Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulukamo. Madzi amenewo sachokanso m'dera lathu koma pouluka ndi dzuŵa, ndipo chilichonse chimene anyamula m'njira chimatsala ndi ife. Mphunzitsi angathe kujambula zimenezi pa bolodi chaka chathunthu, ana nkumalemba bwino m'makope, osazimva. Akaima pamzerepo, mmodzi nkuthira madzi a m'botolo uku, wina uko, nkhani yatha.

Tsiku lachiŵiri nlodutsa phiri chakumpoto ndi kutsikira m'chigwa cha Domasi, ndipo ndilo tsiku lolemetsa miyendo ndi mtima womwe. Pamene gulu lakumana ndi madzi oyamba oloŵera ku Domasi, liime. Ana atunge madziwo m'botolo loyera, alembepo nambala 1, natsekepo. Atole miyala itatu ya m'madzimo, aone kuti njosongoka ndi yakuthwa m'mbali. Atambasule chingwe cha mamita 10 m'mphepete, aponye kamtengo m'madzi, naŵerenge masekondi amene katenge kuchokera ku nsonga ina ya chingwe kufika ku inzake. Ngati sukulu ili ndi choyezera kutentha, ayeze mpweya ndi madzi omwe; mabuku amati pa mamita 1,000 alionse amene munthu watsika, mpweya umafunda ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ana amakondwa kuligwira bodza buku kapena kulivomereza. Zinthu zinai zimenezi azichitanso tsiku lililonse, m'maŵa ndi madzulo, mpaka kunyanja. Palibe chogula apa koma chingwe.

Potsika adzaona zimene ife akuluakulu timazidziŵa koma sitizikamba pamaso pa ana: zitsa, nthaka yakuda pamene panali uvuni wa makala, minda ya chimanga yopachikika pa matsitso pamene ngakhale mbuzi imayenda mochenjera, ndi ming'alu yofiira imene madzi akumba m'mindamo. Pamenepa mphunzitsi asamale lilime lake. M'gulumo muli mwana amene fizi yake kapena yunifolomu yake idachokera m'thumba la makala, ndipo iye akudziŵa, anzakenso akudziŵa. Wootcha makala si chilombo cha m'nkhalango ai. Ndi mnansi wathu, ndipo makala akewo amakapsa pa mbaula za m'tauni, za aphunzitsi, za akalaliki, zathu zomwe. Sitikwera phiri kukachititsa mwana manyazi chifukwa cha atate ake. Ana aŵerenge zitsa pa malo a mapazi 20 m'litali ndi 20 m'lifupi, aŵerengenso mitengo yamoyo ndi mphukira, alembe. Kuweruza kudikire tsiku lachinai, ataona zonse. Adzaonanso malo ena amene midzi yasunga nkhalango yake, mphukira zitabwerera, ndipo aŵerenge pamenepo mofananamo.

Usiku umenewo agone m'kalasi ya sukulu ina ya m'chigwa. Akasiya mabotolo ao pa zenera osaŵagwedeza, m'maŵa adzaona chimene chadikha pansi.

Tsiku lachitatu mtsinje umafatsa, miyala yake imayamba kubulungika, ndipo phunziro limasanduka la mbiri. Mishoni ya Domasi idayambika m'chaka cha 1884 m'dziko la mfumu Malemia ya Ayao, ndipo Alexander Hetherwick amene adakhala pamenepo adaphunzira Chiyao mpaka kulemba buku lophunzitsira chinenerocho, limene lidatuluka mu 1889. Masiku amenewo njira za m'mphepete mwa mapiri ano zinali kupitabe anthu ogwidwa ukapolo. Chakumunsi, boma lidatsekula sukulu ya Jeanes m'chaka cha 1929, kumene aphunzitsi ankabwera ndi akazi ao kudzaphunzira za ukhondo, ulimi ndi kasamalidwe ka mudzi, pamodzi ndi za m'kalasi. Lero kufupi ndi mseu wa Zomba ndi Liwonde kuli koleji ya aphunzitsi, maiŵe a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba, ndi Malawi Institute of Education, kumene amakonza masilabasi ndi mabuku a m'sukulu zathu za pulaimale. Timamwetulira tikaganiza kuti phunziro la mitsinje limene mwana wa ku Chitipa amaŵerenga lidakonzedwa pafupi ndi Domasi, pamene mwana wa pa Domasi pomwepo sadaone kumene mtsinjewo uchokera.

Pa tsiku limeneli ana aŵerenge onse amene akutapa mtsinjewu: amai ochapa, anyamata ofukula mchenga, oumba njerwa, a madimba ndi makheni ao ndi mapampu, maiŵe a nsomba, ng'ombe. Palibe mmodzi mwa iwo amene akutapa zambiri. Mwana akaŵalemba onse pa tsamba limodzi, amayamba kufunsa yekha ngati kumunsi kutsala kanthu.

Yankho lili pa tsiku lachinai. Mtsinje ukaloŵa m'chidikha, m'boma la Machinga, umafika pa sikimu ya mpunga ya Domasi, ya mahekitala pafupifupi 500, imene idamangidwa ndi chithandizo cha akatswiri a ku Taiwan chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Gulu lipemphe mlimi mmodzi wa m'komiti ya madzi kuti aŵasonyeze pamene madzi amapatukira kuloŵa m'ngalande, aŵauze yekha za mchenga umene amafukulamo ndi makasu, ndi za magaŵidwe a madzi m'chilimwe pamene achepa. Mau a mlimi ameneyo amagwira ana mtima kuposa athu. Kupitirira apo nthaka njakuda, miyala yatha, kamtengo koponya m'madzi kamangozungulira, ndipo mtsinje umasoŵa m'dambo la njedza. Asodzi a kumeneko amamanga zimbowera, timisasa toyandama pa madzi, nakhala momwemo masabata akupha matemba, makumba ndi milamba.

David Livingstone adafika pa nyanja imeneyi pa 18 April 1859. Njosaya, malo ambiri mamita aŵiri kapena atatu, ndipo madzi ake ngamchere pang'ono popeza alibe kotulukira. M'chaka cha 1996 idaloŵa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha mbalame zake za m'madzi. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adagona pa matope ong'aluka pa dooko la Kachulu. Tinene zoona kwa ana: nyanjayi idayamba kuphwa kale mitengo ya kuphiri isanathe, ndipo chachikulu choiphwetsa ndi mvula yochepa zaka zotsatana. Amene amaŵauza kuti makala okha ndiwo aumitsa Chilwa akuŵanamiza, ndipo mwana wanzeru akadzazindikira, adzakana ndi zoona zomwe. Chimene mabotolo angasonyeze nchochepa koma nchokhazikika: dothi lochoka m'minda ya pa matsitso limatsika ndi madzi, limakwirira ngalande, ndipo lotsala limakadikha m'nyanja yosaya kale, yopanda khomo lotulutsira. Mabotolo asanu ndi limodzi akaima pa mzere, loyamba loyera ngati galasi, lomaliza lili ndi matope pansi, ana aja wa kumtunda ndi wa kumunsi amakhala ndi chinthu chimodzi choti akambirane.

Tsopano tibwere ku funso limene mai aliyense wafunsa kale mumtima poŵerenga: kodi mwana wanga adzabwerako wamoyo? Funsoli nloyenera, ndipo amene amaliyankha ndi kuseka asapatsidwe ana.

Choopsa choyamba m'chigwa chilichonse ndi madzi. M'mwezi wa August 1997 alendo 11 adafera m'kachigwembe kopapatiza ka Antelope Canyon ku Arizona komweko. Pamene iwo anali sipadagwe mvula yoti nkuopsa munthu. Idagwa kutali kumtunda, madzi nkuŵapeza m'kati mopanda kothaŵira. Ife sitisoŵa kuphunzira zimenezi kwa Amereka. Napolo adatsika phiri la Zomba mu December 1946 nakokolola milatho ndi nyumba; adatsikanso ku Phalombe mu March 1991; ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri a chigawo chino, anthu oposa 1,000 nkufa kapena kusoŵa. Akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa. Chifukwa chake ulendo wotere usachitike m'dzinja ngakhale kutacha bwino chotani, ndipo ngakhale m'chilimwe gulu lisagone pa mchenga wa mumtsinje. Nthaŵi yabwino ndi tchuthi cha August: mvula idaleka kale, dzuŵa la October silinafike, ndipo moto wa osaka mbeŵa sunachuluke m'tchire. Koma mwezi umenewo pamwamba pa phiri pamazizira zedi usiku, ndipo chiperoni chikabwera nkhungu imatseka njira, munthu osaona mnzake amene ali mapazi khumi patsogolo. Zikatero gulu likhale pansi pamodzi ndi kudikira.

Choopsa chachiŵiri nchosaoneka. Madzi a kumunsi ali ndi likodzo, motero kusamba m'madzi odikha a m'ngalande ndi m'dambo kuletsedwe kotheratu, ngakhale ana alire. Kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo m'mbali mwa Chilwa nthendayi si mlendo. Madzi akumwa atungidwe pa mjigo, athiridwe klorini kapena aŵiritsidwe. A m'mabotolo a nambala aja ngoyang'ana chabe. Masikito anyamulidwe chifukwa cha usiku wa m'chidikha. M'thumba la mankhwala musasoŵe Thanzi, bandeji ndi panado, ndipo mwana wodwala mphumu kapena khunyu adziŵike ulendo usanayambe, osati kuti atsale, koma kuti wamkulu mmodzi amuyang'anire. Za chitedze sitinenapo zambiri. Amene chidamgwirapo adzachenjeza anzake.

Koma chitetezo choposa zonsezi ndi munthu woyenda patsogolo. Pa nkhani imeneyi anzathu a ku Mulanje adatitsogolera kale. Kumeneko maulendo ogonera a paphiri ngozoloŵereka: kuli tinyumba togonamo ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Sombani ndi kwina, ndipo kanyumba kena ka pa Lichenya nka Sinodi yathu yomwe, monganso Likhubula House patsinde pa phirilo, kumene magulu a achinyamata amafikira. Pa Likhubula pali amuna odziŵa njira, amene amatchedwa magaidi, ndi onyamula katundu, ndipo mlendo amalangizidwa kuti asakwere popanda iwo. Langizolo lili ndi chifukwa. M'chaka cha 2003 mai wina wa ku Netherlands adapita yekha ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, ndipo sadapezeke. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil adasiya womlondolera napitirira yekha. Mtembo wake udapezeka patapita masabata. Onse aŵiri anali anthu ophunzira ndi amphamvu. Phirilo mu 2025 lidalembedwa ndi bungwe la UNESCO m'gulu la malo a mtengo wapatali pa dziko lonse, ndipo sukulu kapena gulu la achinyamata limene lili ndi ndalama ya basi lingachite bwino kukayamba kumeneko, kukaona m'mene ulendo wolongosoka umayendera: wolondolera patsogolo, wamkulu wina pambuyo penipeni, liŵiro la gulu lonse likhale la mwana wofooka koposa, ndi kuŵerenga mitu pa mpumulo uliwonse.

Pa Zomba napo alipo anyamata olondolera alendo, ndipo tsiku loyamba ndi lachiŵiri gulu litenge mmodzi wa iwo, litadziŵitsanso a ofesi ya zankhalango. Kuyambira m'chigwa kunka kumunsi, wolondolera wabwino ndi munthu wa m'mudzi momwemo, wosankhidwa ndi a mfumu. Mphunzitsi asachite manyazi kuyenda pambuyo pa munthu amene sadafike Sitandade 5. Ife timadziŵa dzina la mwala m'Chingerezi. Iye amadziŵa pooloka posaterera, kasupe amene saphwa, njira imene njuchi zamanga, ndi manda amene ana sayenera kuloŵamo. Safunsa adadya phula.

Za atsikana tinenepo mosabisa, pakuti tikudziŵa kuti makolo ambiri adzalola mnyamata ndi kukaniza mlongo wake. Nkhaŵa yao tikuimva, ndipo yankho lake ndi dongosolo. Pa ana khumi alionse pakhale wamkulu mmodzi, ndipo pakati pa akuluwo pakhale amai aŵiri kapena kuposa, wina mphunzitsi, wina wosankhidwa ndi makolo eni ake, kaya wa Mvano kaya wa m'gulu la amai a pa sukulu. Atsikana agone chipinda chao ndi amaiwo, chotseka. Malo onse ogona adziŵike ndi kulemberedwa kalata mwezi wathunthu ulendo usanachitike, ndipo makolo auzidwe maina a akulu onse opita. Zimenezi zikachitika, palibe chifukwa chomsiyira mtsikana pakhomo. Iye ndiye amatunga madzi a mtsinjewu tsiku ndi tsiku, ndipo pa nkhani yosenza katundu pa mtunda wautali tonse tikudziŵa amene amayamba kutopa. M'chigwa muno ana athu amaphunzira limodzi ndi ana a Chisilamu. Nawonso apite, ndipo ophika akumbukire za ndiwo zimene anzathuwo sadya.

Mtengo wa ulendo suyenera kuopsa munthu. Chikwama cha m'sitolo sichifunika: thumba la feteleza lochapa bwino, telala atalisokera malamba aŵiri a nsalu yokhuthala, limagwira ntchito yomweyo, ndipo kubereka kumsana kumasiya manja omasuka pa matsitso, kusiyana ndi kusenza pamutu. Katundu wa mwana asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lake. Mwana wa makilogalamu 40 anyamule 8 basi. M'menemo mukhale bulangeti, juzi, mbale, kapu, botolo la madzi akumwa, kope ndi pensulo, zonse zokutidwa m'pulasitiki. Nsapato zikhale zakale zozoloŵera phazi. Zatsopano zimatupitsa matuza tsiku loyamba lomwe. Ufa, nyemba, mchere, shuga ndi mapoto zigaŵidwe pakati pa onse, ndipo za tsiku lachitatu ndi lachinai zingathe kutsogozedwa pa njinga ku malo ogona. Cha m'njira ndi mtedza wokazinga, mbatata yophika, chigumu ndi nthochi. Ndalama yeniyeni imapita ku zinthu zitatu: galimoto yopita ku Zomba, yobwerera kuchokera kunyanja, ndi malipiro a olondolera.

Pa malipiro ameneŵa pasakhale kunyinyirika kapena kupempha kuti munthu atithandize chabe popeza ndi za ana. Wasiya munda wake tsiku lathunthu, ndipo chimene akupereka nchosoŵa kuposa choko. Ambiri mwa amene amadziŵa maina a mitengo yonse ya m'chigwa muno, ndi ntchito yake, ndi malo amene mbaŵa ndi miŵanga zinali zisanadulidwe, ndi okalamba, ndipo chaka chilichonse timaika ena m'manda. Mtengo wake ukambidwe pamaso pa a mfumu ulendo usanayambe, uperekedwe madzulo a tsiku lomwelo. Ana aŵiri a dzanja labwino apatsidwe ntchito yoyenda pambali pake ndi kope. Dzina lililonse la mtengo, la kamtsinje kapena la thanthwe limene atchule, alilembe m'Chiyao monga momwe walitchulira, pambali pake Chicheŵa ngati chilipo, ndi malo amene chinthucho chili. Kopelo lisungidwe mu ofesi ya sukulu, kuti gulu la chaka chamaŵa lidzalitenge ndi kuona ngati mitengo yolembedwayo ikali chiimire.